Lenzi ya Canon yokana kulowa pa kamera ya Canon

Ageni anzathu, makamaka inu amene mwayamba kulandira maoda a anyamata ojambula maukwati ndi zinkhoswe. Kasitomala akangoti "mukandigulireko lenzi ya Canon ku Joni", musanyamuke ndi mawu okhawo. Ife tinanyamuka nawo. Tinapeza lenzi yakaunjika pa shopu ina mu Johannesburg, yolemera bwino, dzina la Canon lili poonekera, mtengo wake wosafuna kunenerera. Tadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Mwanza, msonkho talipira, kufika ku Blantyre lenzi yakana kulowa pa kamera ya mwiniwake. Kubweza ndiye kukwereranso basi masiku awiri. Mpamba unalowa m'madzi.

Chinatipweteka ndi chimene Canon inachita mu 1987. Lenzi imalumikizana ndi kamera pa kamkombero kachitsulo kamene ojambula amati mount, ndipo kampani iliyonse ili ndi kake. Kuyambira 1971 Canon inkagwiritsa ntchito mount ya FD, yofokasa ndi dzanja. Mu 1985 Minolta inatulutsa kamera yofokasa yokha ndipo inagulidwa kwambiri. Canon inaona kuti FD siipikisana nayo, ndiye mu 1987 inayamba mtundu wa EOS ndi mount yatsopano ya EF, yoyendera magetsi, injini yofokasira ili m'lenzi momwemo. Malenzi onse a FD anasiyidwa panjira. Ndi amenewo akutchipa m'mashopu a zakale lero, ndipo yathu ija inali imodzi mwa iwo.

Canon sinalekere pomwepo. Mu 2003 inabweretsa EF-S ya makamera a sensa yaing'ono, monga 600D ndi 1300D amene adzadza kwathu kuno. Lenzi ya EF, ya kadontho kofiira, imalowa pa makamera amenewa komanso pa akuluakulu ngati 5D ndi 6D. Ya EF-S, ya kachizindikiro koyera, pa 5D siilowa.

Nikon inatenga njira ina, ndipo kwa ife msampha wake ndi woipa kuposa wa Canon. Mount yake ya F ndi ya 1959, ndipo sanaitaye. Choncho lenzi yakale imalowa bwinobwino, wogulitsa amakuonetsani, inu n'kulipira. Koma mu 2006, pa D40, Nikon inachotsa injini yofokasira m'makamera ake otchipa, ndipo zinapitirira pa D3100, D3200, D5100 ndi anzake. Mukagula 50mm f/1.8D, pa makamera amenewa siifokasa yokha. Mnyamata wanu azipotokola ndi dzanja mkwatibwi akulowa m'tchalitchi, zithunzi theka n'kutuluka zachimbuuzi. Iye akufunika yolembedwa AF-S, monga 50mm f/1.8G. Ya D ija ndi ya amene ali ndi D90 kapena D7000. Kusiyana kwake chilembo chimodzi basi.

Za Sony n'zachidule. Inatenga bizinesi ya makamera ya Konica Minolta mu 2006 pamodzi ndi mount ya A, kenako mu 2010 inayamba ya E. Onse amalembedwa Sony, koma popanda adaputa salowana.

Mu 2018 Canon ndi Nikon anasinthanso, kubweretsa RF ndi Z za makamera opanda kagalasi m'kati. Apa pali mwayi wathu. Ojambula ambiri akusamukira ku zatsopanozi ndipo akugulitsa malenzi awo a EF ndi F, pomwe makasitomala athu ambiri akadali pa makamera akale. Lenzi ya EF imagwiranso pa kamera ya RF ndi adaputa, ndiye katundu ameneyu sakuolerani m'manja. Koma ya RF pa 600D siingalowe, adaputa yake kulibe. Sigma ndi Tamron nawo amapanga lenzi imodzi m'ma mount osiyanasiyana, dzina lokha silikuuzani kanthu.

Masiku ano ife sitilandira dipoziti tisanaone chithunzi cha kutsogolo kwa kamera pa WhatsApp, nambala yake ikuwerengeka, ndi china atachotsa lenzi. Timafunsanso ngati amajambula m'holo usiku, chifukwa 18-55mm yobwera ndi kamera imafooka mumdima, pomwe ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka. Ya FD ija ikadali m'kabati kunyumba. Ngati alipo wa kamera ya filimu ya AE-1 m'gulu muno, atipeze ku inbox.