Mwera

Mwera ndi mphepo yozizira yomwe imawomba pa Nyanja ya Malawi kuchokera kum'mwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Tikamati "kum'mwera" timatchula komwe mphepoyi imachokera, monga "kumpoto" ndi komwe kumachokera mpoto.

Mwera ukakula, asodzi a ku Msaka ndi ku Malindi amakokera mabwato pamchenga, usipa n'kukwera mtengo pamsika wa Mangochi. Komatu ndi mwera womwewo umene umadyetsa nyanja. Umakankhira kumpoto madzi ofunda a pamwamba, ndipo ozizira a pansi amakwera ndi chakudya cha nsomba. N'chifukwa chake chigawo cha kum'mwera kwa nyanjayi chili ndi nsomba zambiri.

Kupatula mwera, nyanjayi imasinthanso pamodzi ndi nyengo ya dziko lonse lapansi. Kuyambira m'ma 1500 mpaka m'ma 1800, ku Ulaya kunkazizira mpaka mtsinje wa Thames kuundana, ndipo matope a pansi pa nyanja yathu amasonyeza kuti panthawiyo madzi anali otsika kuposa lero.