Ukwati Wobisa ku Emmental

M'zaka za m'ma 1600, mnyamata wa mpingo wa Anabaptist m'chigwa cha Emmental, ku Switzerland, akamafunsira mbeta ankadziwa kuti akuputa boma. Akuluakulu a ku Bern sankavomereza ukwati womangitsidwa ndi mlaliki wa mpingowu. Ana obadwamo ankayesedwa apathengo, osayenera kulandira chuma chamasiye. Boma linkalipira alenje osaka anthu, ndipo ena mwa ogwidwa ankatsekeredwa m'linga la Trachselwald. Motero ukwati unkadalitsidwa mobisa.

Chinsinsi chotere sichikanasungika popanda anansi. Ambiri mwa iwo ankapemphera kutchalitchi cha boma, komabe ankabisa othawa, kuwadyetsa ndi kuwatsina khutu alenje akamayandikira. Ankatchedwa Treuherzige, kutanthauza a mtima woona.

Chodabwitsa n'chakuti mpingo wa Amish unabadwa pamkangano wokhudzanso anansi omwewa. Mu 1693 Jakob Ammann anakana zoti iwo angapulumuke osalowa mumpingo, kaya akhale achifundo chotani. Hans Reist sanafune kuwaweruza. Ammann anaumiriranso kuti wochotsedwa mumpingo asadye ndi anzake, ndipo pakati pa omutsatira lamuloli linadzalowa mpaka m'banja: mwamuna kudyera pakepake, mkazi wake pakepake.