Kuzima kwa Kompyuta Posewera Magemu: Mavuto a Driver ya Graphics Card

Driver ya graphics card ndi pulogalamu imene imalumikiza gemu ndi khadi lopanga zithunzi za pa sikirini. Gemu imatumiza zofuna zake kudzera mu DirectX, Vulkan kapena OpenGL, ndipo driver imazisandutsa malamulo amene GPU, kachipangizo kamene kamagwira ntchito yaikulu pa khadilo, imatha kumva. Makampani akuluakulu opanga ma GPU a makompyuta ndi NVIDIA, AMD ndi Intel, ndipo aliyense amatulutsa ma driver ake. Mbali ina ya driver imagwira ntchito mkatikati mwa Windows, choncho ikasokonekera imatha kuimitsa kompyuta yonse.

Vutoli limaonekera kwambiri posewera magemu chifukwa ndi pamene khadi limathamanga ndi mphamvu zake zonse, kutentha kwambiri ndi kudya magetsi ochuluka. Komabe dzina la driver likatchulidwa mu uthenga wa vuto, si umboni wokwanira wakuti driver ndiyo yalakwa. Kutentha, kuperewera kwa magetsi, RAM yosakhazikika kapena purosesa yowonongeka zingapangitsenso driver kuima. Ntchito yaikulu pokonza ndiyo kusiyanitsa zinthu zimenezi.

Mmene Windows imachitira khadi likasiya kuyankha

Kuyambira pa Windows Vista, imene inafika kwa anthu onse mu 2007, Microsoft inaika njira yotchedwa Timeout Detection and Recovery, mwachidule TDR. GPU ikatha masekondi 2 osamaliza ntchito imene yapatsidwa komanso osavomera kuisiya, Windows imaiona ngati yaima. Pamenepo imayambitsanso driver popanda kuzimitsa kompyuta. Wosewera amaona sikirini ikuda kwa kanthawi kochepa n'kubwerera, koma kawirikawiri gemu imakhala itatsekeka kale. Kuyambitsanso kukakanika, kapena izi zikachitika kupitirira kasanu m'mphindi imodzi, Windows imaima ndi kuonetsa uthenga wa vuto pa sikirini yonse. Uthenga wodziwika pa nkhaniyi ndi VIDEO_TDR_FAILURE, ndipo nambala yake ndi 0x116.

Pansi pa uthengawo pamatha kulembedwa dzina la fayilo imene yakhudzidwa. Fayilo ya nvlddmkm.sys ndi ya NVIDIA, ya amdkmdag.sys kapena atikmpag.sys ndi ya AMD, ndipo ya igdkmd64.sys ndi ya Intel. Magemu ena amalemba uthenga wawowawo, monga DXGI_ERROR_DEVICE_REMOVED kapena DXGI_ERROR_DEVICE_HUNG, kusonyeza kuti gemu yataya kulumikizana ndi khadi.

Zizindikiro ndi zimene zimalozera

Mmene kompyuta yaimira zimapereka chithunzi cha kumene vuto lili. Ngati gemu imodzi yokha ndiyo ikutsekeka, makamaka pamalo amodzimodzi, vuto limakhala mu gemuyo kapena m'kusagwirizana kwake ndi driver imene ilipo. Ngati vuto layamba tsiku limene driver yatsopano yaikidwa, driver ndiyo yoyamba kuikayikira. Kompyuta imene imasewera bwino poyamba n'kuima pakadutsa nthawi, mafani akulira kwambiri, kawirikawiri imakhala ikutentha. Imene imangozima yonse kapena kudziyatsanso popanda uthenga uliwonse imalozera ku power supply kapena ku mawaya a magetsi. Timadontho, mizere kapena mitundu yachilendo pa sikirini nthawi zambiri ndi chizindikiro cha memory ya pa khadi. Zikamaoneka ngakhale Windows isanatseguke, driver ilibe mlandu chifukwa imakhala isanayambe ntchito.

Windows imasunga mbiri ya zonsezi. Mu Event Viewer, pansi pa System, nambala 4101 imasonyeza kuti driver inaima n'kuyambanso, pomwe Kernel-Power 41 imangonena kuti kompyuta inazima mosayembekezereka popanda kutchula chifukwa. Reliability Monitor imandandalika mavuto tsiku ndi tsiku pamodzi ndi mapulogalamu amene anaikidwa, zimene zimathandiza kuona chimene chinasintha vuto lisanayambe. Mafayilo a mu C:\Windows\Minidump amawerengedwa ndi pulogalamu ya WinDbg.

Njira zokonzera

Lamulo lalikulu ndilo kusintha chinthu chimodzi, kuyesa gemu yomweyo, kenako n'kupita pa china. Wosintha zinthu zambiri pakamodzi, ngakhale vuto litatha, sadziwa chimene chathandiza, ndipo likabwerera amayambiranso pachiyambi.

Sikirini ikauma koma kompyuta ikadali yoyaka, kudina pamodzi mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B kumatsitsimutsa mbali ya zithunzi. Izi zimangothandiza pa nthawiyo. Sizichotsa gwero la vuto.

Choyamba chenicheni ndicho kubweza liwiro la zipangizo zonse mmene zinachokera ku fakitale. Overclock kapena undervolt imene inaikidwa ndi pulogalamu ngati MSI Afterburner ichotsedwe, ndipo XMP kapena EXPO ya RAM izimitsidwe kaye mu BIOS. Mapulogalamu amene amalemba zinthu pamwamba pa gemu, monga overlay ya Discord kapena ya Steam, ndi ojambula vidiyo, atsekedwenso. Pa Steam pali njira younika ngati mafayilo a gemu ali onse bwinobwino, ndipo Disk Cleanup imafufuta DirectX Shader Cache, imene gemu ndi driver zimapanganso zokha.

Chachiwiri ndicho driver yeniyeniyo. Ngati yatsopano ndiyo yabweretsa vuto, batani la Roll Back Driver mu Device Manager limabweza yakale, malinga ikadalipo mu kompyuta. Zikakanika, driver ichotsedwe yonse. Amisiri ambiri amagwiritsa ntchito Display Driver Uninstaller ya Wagnardsoft, yodziwika kuti DDU, ndipo AMD ili ndi yakeyake, AMD Cleanup Utility. Ndondomeko yake ndi iyi: kutengeratu driver yofunikayo ku kampani imene inapanga GPU, kudula intaneti, kulowa mu Safe Mode, kuchotsa yakale, kuyatsanso kompyuta ndi kuika yatsopano, kenako n'kubwezeretsa intaneti. Intaneti imadulidwa chifukwa Windows Update imathamangira kuika driver yake ikangoona kuti palibe ina. Kuchotsa kotereku n'kofunika kwambiri pamene khadi la kampani imodzi lalowa m'malo mwa la kampani ina. Malaputopu ambiri a magemu amakhala ndi ma GPU awiri, ndipo ma driver onse awiri ayenera kuunikidwa. Pena driver yochokera kwa wopanga laputopuyo ndiyo imayenda bwino.

Chachitatu ndizo zipangizo. Mapulogalamu a HWiNFO ndi GPU-Z amaonetsa kutentha kwa khadi pamene gemu ikuyenda. Fumbi lotsekereza mafani ndi thermal paste youma ndizo zimatenthetsa makhadi akale ndi ogulidwa kwa anthu ena. Kompyuta izimitsidwe ndi kuzulidwa ku magetsi musanaitsegule. Khadi likhazikike bwino pamalo ake ndipo pulagi iliyonse ya magetsi ilowe mpaka kumapeto. Pa makhadi odya magetsi ambiri, ndi bwino kuti pulagi iliyonse ikhale ndi waya wake wochokera ku power supply. MemTest86 imayesa RAM, pomwe OCCT ndi FurMark zimapanikiza khadi kuti vuto lionekere.

Ena amawonjezera masekondi amene TDR imadikira GPU posintha TdrDelay mu registry ya Windows. Izi zimathandiza pa ntchito zolemera zimene GPU imafunadi nthawi yaitali kuti imalize, koma pa magemu zimangochedwetsa uthenga wa vuto, ndipo sikirini imauma nthawi yotalikirapo.

Zochitika zodziwika

Mbiri ikuonetsa kuti pena vuto limakhaladi mu driver, pena m'zipangizo. Zikalata za Microsoft zimene zinatuluka m'khoti mu 2008 zinasonyeza kuti ma driver a NVIDIA ndiwo anali ndi gawo lalikulu, pafupifupi 29 peresenti, la mavuto oimitsa Windows Vista amene anawerengedwa pa nyengo ina mu 2007, nthawi imene makampani anali kuzolowera kalembedwe katsopano ka ma driver. Mu March 2010, NVIDIA inachotsa driver yake ya 196.75 chifukwa sinkayendetsa bwino mafani ndipo makhadi ankatentha mopitirira muyeso. Mu September 2020, eni makhadi ena atsopano a GeForce RTX 3080 anadandaula kuti magemu akutsekeka khadi likafika pa liwiro lalikulu, ndipo driver ya 456.55 inachepetsa vutolo.

Mu 2024 zinthu zinali zosiyana. Anthu ambiri okhala ndi mapurosesa amphamvu a Intel Core a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira uthenga wakuti video memory yatha, makamaka m'magemu opangidwa ndi Unreal Engine. Uthengawo unkaloza ku khadi, koma vuto linali mu purosesa. Mu July chaka chomwecho Intel inavomereza kuti mapurosesawo ankalandira voteji yopitirira muyeso, ndipo pambuyo pake inatulutsa zokonza zodzera mu BIOS. Pa makompyuta oterewa, kusintha ma driver sikukanathetsa chilichonse.

Pamene kukonza driver kumathera

Driver ikachotsedwa bwino, mitundu iwiri kapena itatu ya driver ikayesedwa, kutentha kuli bwino ndipo RAM yapezeka yabwino, koma vuto n'kupitirirabe, chotsala ndicho kusinthanitsa zipangizo. Khadi likayesedwa mu kompyuta ina n'kuchitanso zomwezo, ndiye kuti ndilo lawonongeka, ndipo ngati lili ndi warante libwezedwe kwa wogulitsa lisanatsegulidwe. Likayenda bwino kumeneko, vuto lili mu power supply, motherboard, RAM kapena purosesa ya kompyuta yoyambayo. Kuyesa kumeneku kuchitike munthu asanawononge ndalama kugula khadi lina.