Mliri wa COVID-19 ndi Thandizo la Boma: Mmene Zidaonekera ku Masambanjati

Masambanjati ndi dera lamapiri lomwe lili kummwera kwa boma la Thyolo, pamsewu wodzera ku Makwasa kupita ku Thekerani. Anthu a kumeneko amalima chimanga, nandolo ndi chinangwa m'timinda tating'onoting'ono, pakuti malo ambiri achonde m'bomalo adasanduka minda ya tiyi kuyambira nthawi ya Atsamunda. Kale nthochi ndizo zinkabweretsa ndalama pakhomo, koma matenda a chisaka adazipulula. Chotero pofika chaka cha 2020, mabanja ambiri ankadalira zinthu ziwiri: ganyu wothyola tiyi m'maesiteti, ndiponso ndalama zomwe ana awo ankatumiza kuchokera ku South Africa.

Pa 20 Malichi 2020, mliri wa COVID-19 usanapezeke n'komwe m'dziko muno, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti Malawi ali pangozi, ndipo sukulu zonse zidatsekedwa pa 23 Malichi. Odwala atatu oyamba adapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Patangopita masiku awiri, mtsogoleriyo adalengeza njira zochepetsera ululu wa mliriwo pachuma. Malipiro ake ndi a nduna zake adadulidwa ndi K10 pa K100 iliyonse kwa miyezi itatu, mtengo wa mafuta a galimoto udatsika, thumba la ngongole la MEDF lidawonjezeredwa kufika pa K15 biliyoni, ndipo amalonda ang'onoang'ono omwe anali ndi ngongole kubanki adapatsidwa miyezi itatu yopumira. Njirazi zinali zanzeru ndithu, koma zinkafika kwa munthu wagalimoto, wabizinesi ndi wabuku la kubanki. Mayi wobereka dengu la tiyi kumsana analibe chimodzi mwa zimenezi.

Kenaka, pa 14 Epulo, boma lidalamula m'bindikiro wa masiku 21, woyamba pa 18 Epulo. Apa mpomwe padagona nkhani. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo. Mvula ikangokata masamba amachepa, ndipo antchito ambiri aganyu amauzidwa kuti akapume kwawo. M'bindikirowo ukadagwa pa nthawi yomwe malipiro otsiriza anali kutha, misika ya nandolo isanayambe. Nakonso ku South Africa ntchito zinali zitaima kuyambira pa 27 Malichi, kotero kuti omwe ankatumiza ndalama adayamba kupempha okha yokwerera basi yobwerera kumudzi. Boma lidauza anthu kuti akhale m'nyumba, koma silidanene chomwe akadye ali m'nyumbamo.

Mavenda ku Limbe, Blantyre ndi Mzuzu adachita zionetsero. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition lidakamang'ala kukhoti lalikulu, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso choimitsa m'bindikirowo. M'mwezi wa Seputembala oweruza adagamula kuti lamulolo linali losemphana ndi malamulo aakulu a dziko, nanenanso kuti boma silingatsekere anthu m'nyumba lisanakonze za moyo wa osauka. Mwa ichi Malawi adakhala limodzi mwa mayiko ochepa omwe sadalowe m'bindikiro wa dziko lonse. Ku Thyolo tiyi adapitirira kuthyoledwa, mafakitale sadazime, ndipo misika idakumanabe. Kunena zoona, kwa anthu a ku Masambanjati chiletso chimenechi chidaposa thandizo lina lililonse, ngakhale kuti sichidachokere kunduna iliyonse.

Pofuna kuyankha madandaulowo, pa 28 Epulo boma lidalonjeza kupereka K35,000 pamwezi, ndalama yofanana ndi malipiro otsikitsitsa a nthawi imeneyo, kwa mabanja pafupifupi 172,000 kudzera pafoni. Koma ndalamazo zinali za anthu a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Maganizo anali akuti wakumudzi ali ndi munda, pamene wam'tauni amadya za tsiku lomwelo. Mfundoyi ili ndi nzeru yake, komatu siyendera bwino ku Thyolo, komwe munda wa banja sukwanitsa kulidyetsa chaka chonse ndipo ufa umachokera m'thumba monga momwe zimakhalira ku Ndirande. Ngakhalenso am'tauniwo adaona okha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, pakuti chisankho cha pa 23 Juni chidadutsa, boma lidasintha, ndipo ndalamazo zidayamba kulandiridwa kumayambiriro a 2021.

Kumudzi kudatsala Mtukula Pakhomo, ndondomeko yomwe idayamba ku Mchinji mu 2006. Pa nthawiyo iyo inkasankha mabanja khumi mwa mabanja 100 aliwonse, osaukitsitsa ndiponso opanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Nkhalamba yolera ana amasiye inkalandira; wothyola tiyi yemwe ganyu adamuthera sankawerengedwa, poti manja anali nawo. Chomwe chidafikadi pamakomo ambiri ndi feteleza wotsika mtengo wa ndondomeko ya AIP, yemwe boma la Pulezidenti Lazarus Chakwera lidagulitsa pa K4,495 thumba la makilogalamu 50 m'dzinja la 2020. Limeneli linali lonjezo la pachisankho, osati njira yolimbanirana ndi mliri.

Mliriwo udabweranso mwaukali mu Januwale 2021, ndipo pa 12 Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Zipatala zikusowa mpweya wothandizira odwala kupuma, anthu adayamba kufunsa za K6.2 biliyoni yomwe boma lidatulutsa mu 2020 kuti ilimbane ndi matendawa. Kafukufuku wa mkulu wolondoloza chuma cha boma adaonetsa kuti ndalama zambiri zidathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata malamulo. Akuluakulu ena a boma adaimitsidwa ntchito, ena adamangidwa, ndipo pa 18 Epulo 2021 Pulezidenti Chakwera adachotsa paudindo nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, omwe unduna wawo ndiwo unkayang'anira umoyo wa antchito a m'maesiteti. Tsikulo linali litakwana chaka chathunthu kuchokera pomwe m'bindikiro uja ukadayambira, ndipo ku Masambanjati nyengo ina yothyola tiyi inali kupita kumapeto.