Chaputala Chikamayenda Chokha

Tsiku lina ndinachita fotokope chaputala chimodzi cha buku lolembedwa ndi anthu ambiri, aliyense chaputala chake. Bukulo ndinalibweza pa shelefu, mapepala anga ndinapita nawo kunyumba. Usiku ndikuwerenga, ndinakumana ndi mfundo imene ndinkaifuna kwambiri, ndipo kumapeto kwake kunali nambala [14]. Buku la nambala 14 limeneli linali litatsala ku laibulale, pa mndandanda wa kumasamba omaliza amene sindinawakope. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuiona ngati nkhani yongokongoletsa buku, yoti chaputala chilichonse chikhale ndi mndandanda wake wa mabuku. Buku la olemba ambiri, buku la nkhani zokambidwa pamsonkhano wa akatswiri, ngakhale thesisi ya digiri yopangidwa ndi mapepala osindikizidwa kale m'majenalo, zonsezi anthu amaziwerenga modukizadukiza, ndipo chaputala chikatuluka chokha chiyenera kunyamula kamba wake.

Anthu a masamu, fizikisi ndi makompyuta ambiri amasanja zolemba zawo ndi LaTeX, imene Leslie Lamport anaimanga pamwamba pa TeX ya Donald Knuth. M'chaka cha 1985 Oren Patashnik anawonjezerapo BibTeX, pulogalamu yosonkhanitsa mabuku otchulidwa. Amene akufuna kugawa mndandanda m'machaputala ayenera kuyamba wasiyanitsa zinthu zitatu zimene ongoyamba kumene amazisokoneza.

Choyamba ndi nkhokwe, fayilo yothera ndi .bib, mmene mumasungidwa buku lililonse ndi wolemba wake, mutu, chaka ndi osindikiza. Nkhokwe imatha kusunga mabuku chikwi pamene chaputala chikufuna khumi okha, ndipo palibe chifukwa choigawira. Ndaona ophunzira akutaya sabata yathunthu kudula nkhokwe yawo m'timafayilo tisanu n'kumaganiza kuti mindandanda isanu imachokera pamenepo. Ayi ndithu, mindandanda yonse ikhoza kutapa m'nkhokwe imodzi. Chachiwiri ndi kiyi, dzina lalifupi limene wolemba amapatsa buku, monga knuth1984, n'kumaliitana nalo ndi lamulo la \cite. Ili ndi dzina lapakhomo, wowerenga saliona. Chimene amaona ndi chachitatu, chizindikiro: nambala ngati [14] ija, kapena dzina ndi chaka monga Knuth 1984. Kiyi sisintha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Chizindikiro ndiye chimatha kusintha, ndipo nkhani yonse yagona pa funso loti chisinthe liti.

BibTeX inapangidwa ndi maganizo a chikalata chimodzi, mndandanda umodzi. LaTeX ikadutsa m'zolembazo imalemba makiyi onse otchulidwa mu kafayilo kothera ndi .aux. BibTeX imawerenga kafayiloko, imatapa m'nkhokwe, n'kulemba mndandanda wosanjidwa mu fayilo ya .bbl. Kenako LaTeX imadutsanso kawiri kuti zizindikiro zikhale m'malo mwake. Fayilo ya .aux ikakhala imodzi, mndandandanso umatuluka umodzi.

Njira yakale yozembera vutoli ndi phukusi la chapterbib, limene Donald Arseneau amadziwika nalo. Nzeru yake yatsamira pa kusiyana kwa malamulo awiri ooneka ngati mapasa. Lamulo la \input limangotsanulira zolemba za fayilo ina pamalo pamene laitanidwa. Lamulo la \include limayamba tsamba latsopano ndipo limapatsa fayiloyo .aux yakeyake. Ndiye chaputala chilichonse chikalowa ndi \include, n'kukhala ndi malamulo ake a mndandanda kumapeto, BibTeX imayendetsedwa payokhapayokha pa .aux iliyonse: machaputala asanu ndi atatu, maulendo asanu ndi atatu. Wolemba akaiwala n'kugwiritsa \input, amangoona zizindikiro za funso pamene pamayenera kukhala manambala, kapena mndandanda womwewo ukubwerezedwa paliponse. Palinso phukusi la bibunits, limene limalola kuzinga ndime iliyonse popanda kudalira \include, koma mtolo woyendetsa BibTeX kambirimbiri umakhalapobe.

Zinthu zinapepuka pamene Philipp Lehman analemba biblatex, imene masiku ano imayendera limodzi ndi pulogalamu ya Biber m'malo mwa BibTeX. Biber imayenda kamodzi n'kukonza mindandanda yonse. Imamvanso zilembo za Unicode popanda kuinyengerera, chinthu chimene chimatikhudza ife olemba Malaŵi ndi kadenga pa w, chifukwa BibTeX yakale chilembo chotere imafuna chilembedwe mwa lamulo lapadera kuti isasokoneze kasanjidwe ka mayina.

Koma mphatso yeniyeni ya biblatex, m'kuona kwanga, ndi mawu awiri amene anatchula poyera zimene kale tinkangozimva mumtima: refsection ndi refsegment. Amamveka ofanana kwambiri moti anthu amasankha limene layamba kubwera m'mutu, chonsecho ndi maganizo awiri osiyana a chimene chaputala chili.

Refsection ndi khomo loima palokha, lophika m'poto wakewake. Zonse zotchulidwa mkati mwake zimawerengedwa mwatsopano kuyambira pa 1. Buku limodzi likhoza kukhala [3] m'chaputala chachiwiri, n'kudzakhala [17] m'chaputala chachisanu, ndipo palibe cholakwika chifukwa wowerenga chaputala chachiwiri sadzafunika kusuzumira kwina. Refsegment ndi nyumba imodzi ya pamudzi wodyera pamodzi. Chaputala chimasindikiza mndandanda wake, inde, koma manambala amachokera pa kaundula wa buku lonse. Buku limene lili [3] limakhala [3] paliponse. Mtengo wake ndi wakuti mndandanda wa chaputala umatha kuoneka wagweru: 2, kenako 7, 8, kenako 19, chifukwa manambala apakatiwo ndi a mabuku otchulidwa kwina.

Kusiyanaku kumaonekera bwino kwa olemba ndi dzina ndi chaka. M'chaka cha 1986 Knuth anatulutsa mabuku angapo, mwa iwo TeX: The Program, The METAFONTbook ndi METAFONT: The Program. Wolemba mmodzi akakhala ndi ntchito zingapo m'chaka chimodzi, zizindikiro zimalandira zilembo: 1986a, 1986b, 1986c. Tiyerekeze kuti chaputala chachiwiri chatchula limodzi lokha mwa mabukuwa, chachisanu chatchula awiri enawo. Mu refsection, chaputala chachiwiri chidzangoti Knuth 1986, chopanda chilembo, pakuti pakhomo pakepo palibe wina wofanana naye. Mu refsegment chidzanyamula chilembo, mwina c, ndipo wowerenga amene wagwira chaputala chokhacho adzafufuza a ndi b osawapeza. Koma amene akuwerenga buku lonse adzathokoza, chifukwa 1986c imatanthauza buku lomwelo kulikonse kumene waipeza, ndipo kumapeto kungaikidwe mndandanda waukulu wa zonse popanda zizindikiro kugundana.

N'chifukwa chake wina akandifunsa kuti asankhe iti, ndimayamba ndamufunsa kuti adzawerenge ndani, ndipo adzagwira chiyani m'manja. Buku la olemba ambiri, refsection mosakayika. Buku la mlembi mmodzi limene mfundo yake imakula kuchokera m'chaputala china kupita m'chinzake, ndimakonda refsegment, kapena mndandanda umodzi wokha kumapeto. Thesisi ya mapepala osindikizidwa kale imakhala pakati, ndipo kawirikawiri malamulo a yunivesite ndi amene amagamula, choncho awerengedwe ntchito isanayambe.

Zotsala ndi zazing'ono koma zimapweteka. M'buku, mndandanda umabwera ndi mutu waukulu ngati chaputala chathunthu, n'kuyamba tsamba latsopano ndi kusintha mawu a pamwamba pa masamba. Mkati mwa chaputala umafunika kutsitsidwa kuti ukhale kachigawo chabe: chapterbib ili ndi mawu oti sectionbib, pamene biblatex imati subbibliography. China ndi malire. Mawu aliwonse otchulidwa kunja kwa refsection amagwera m'chigawo cha nambala 0, ndiye lamulo losindikiza mndandanda la \printbibliography likaikidwa mzere umodzi kunja kwa mpanda, limayang'ana m'chigawo cha 0, silipezamo kanthu, ndipo limachenjeza kuti mndandanda ndi wopanda kanthu. Wophunzira wina anandibweretsera vuto limeneli atakhala nalo masiku atatu, akukayikira nkhokwe yake yonse. Tinakweza mzere umodziwo kulowa mkati mwa refsection, tinayendetsa Biber, ndipo mabuku ake onse anatuluka pansi pa chaputala chawo.