Merge sort

Merge sort ndi njira yosanjira manambala kapena mayina pa kompyuta, kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu. Anaitulukira ndi John von Neumann mu 1945.

Mndandanda umagawidwa pakati, zigawozo n'kugawidwanso, mpaka chilichonse chitatsala ndi chinthu chimodzi. Ntchito yeniyeni yagona pophatikiza. Pulogalamu imayerekeza zinthu zakutsogolo za zigawo ziwiri zosanjidwa kale, n'kutenga chaching'onocho, n'kubwerezanso. Motero 3, 8 ndi 2, 5 zimapereka 2, 3, 5, 8. Chigawo chimodzi chikatha, zotsala za chinzake zimangoikidwa kumapeto, ndipo ongoyamba kumene kulemba mapulogalamu amakonda kuiwala zimenezi. Ziwiri zikafanana, ndi bwino kutenga chakumanzere kuti zofananazo zisasinthane malo.

Poilemba pamafunika ma function awiri: yogawa, imene imadziitana yokha pa theka lililonse, ndi yophatikiza. Zinthu 1,024 zimagawika pamasitepe 10 okha, choncho nthawi yake imakula monga n log n (n ndi chiwerengero cha zinthuzo) ngakhale mndandanda utasokonekera chotani. Kudalirika kumeneku ndiko mphamvu yake, ngakhale imafuna malo ena osungira zophatikizazo.

Timsort, njira yosanjira imene Tim Peters analembera Python mu 2002, imaphatikiza merge sort ndi njira ina yotchedwa insertion sort.