Nsabwe ya Mumlengalenga: Mbiri ya Ndeke ya Henri Mignet

Ana inu, ambiri mwa inu munapangapo galimoto ya waya, kapena kandeke ka mapesi a cimanga. Lero mumva mbiri ya munthu wa ku France amene anapanga ndeke yeni-yeni ndi manja ake, nakwera m'menemo, nauluka. Dzina lake anali Henri Mignet, ndipo anabadwa m'caka ca 1893.

Pa Nkhondo Yaikulu Yoyamba, Mignet anali kugwira nchito ya wailesi. Nkhondo itatha, mtima wake unali pa kuuluka, koma ndeke za masiku amenewo zinali za anthu olemera ndi asilikali okha. Kuwonjezera apo, iye mwini anapeza kuti kuyendetsa ndeke wamba n'kobvuta, pakuti manja ndi mapazi ayenera kugwirizana nthawi imodzi. Motero anaganiza zopanga ndeke imene mmisiri wa matabwa aliyense angaikhome pakhomo pake, ndi kuiyendetsa popanda maphunziro aatali.

Anayesa kambiri, nalephera kambiri. Pomaliza anakamanga hema m'thengo kufupi ndi mzinda wa Soissons, ndipo m'mwezi wa September 1933 ndeke yake yochedwa HM.14 inauluka. Thupi lake linali la matabwa opyapyala omatidwa ndi guluu, mapiko okutidwa ndi nsalu, ndipo injini inali ya njinga yamoto, ya mphamvu ya akavalo 17 cabe. Anaicha Pou-du-Ciel, ndiko kuti nsabwe ya mumlengalenga. Angelezi, mwina poona kuti nsabwe ndi dzina locititsa manyazi, anaicha Flying Flea, nthata youluka.

Tsopano tamverani bwino mapangidwe ake, cifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ndekeyi inali ndi mapiko awiri aakulu, lina kutsogolo pamwamba pa mutu wa woyendetsa, lina kumbuyo kwake, m'munsi pang'ono. Woyendetsa anali ndi ndodo imodzi yokha. Akaikokera kwa iye, phiko lakutsogolo lonse linali kupendekeka, ndeke nikwera. Akaikankhira kumanja kapena kumanzere, tsigiro la kumcira linali kutembenuka, ndeke nikhota. Mapazi analibe nchito konse.

M'caka ca 1934 Mignet anasindikiza buku lofotokoza mapangidwe onse, ndi miyeso yake. Bukulo linagulidwa ngati ciponde pamsika. Mu August 1935 iye anaoloka nyanja ya pakati pa France ndi England m'kandeke kakeko, ndipo caka comweco bukulo linamasuliridwa m'Cingelezi. Pamenepo anthu mazana-mazana anayamba kukhoma ndeke m'magalaja ndi m'zipinda za nyumba zao. Zambiri sizinanyamuke n'komwe pansi, cifukwa zinali zolemera kapena injini zinali zofooka. Tinganene kuti eni ake a zimenezo anali ndi mwai.

Pakati pa 1935 ndi 1936 anthu angapo anafa ku Algeria, ku France ndi ku Britain, ndipo imfa zao zinali zofanana. Ndeke inali kuweramitsa mphuno, niyamba kutsika; woyendetsa nakoka ndodo ndi mphamvu zake zonse, koma ndeke niweramirabe mpaka kugunda nthaka. Ena mwa akufawo anali odziwa kuyendetsa ndeke kale, motero sikunali kotheka kunena kuti colakwa cinali umbuli wao.

M'caka ca 1936 akatswiri anaika ndeke yathunthu m'cinyumba cacikulu m'mene makina amauzira mphepo yamphamvu, ku Chalais-Meudon m'dziko la France ndi ku Farnborough m'dziko la England. M'menemo ndeke imaima pamalo amodzi, mphepo ndiyo imathamanga, ndipo zonse zimapimidwa popanda munthu kufa. Anapeza kuti ndeke ikawerama kupitirira muyeso wina, kukoka ndodo sikunathe kuiwongola. Mbali ya kumbuyo ya phiko lakutsogolo inali kutsikira pafupi ndi phiko laciwiri, mphepo nipanikizika pampata wopapatizawo, nithamanga pamwamba pa phiko lakumbuyo, nilinyamula koposa. Mcira ukakwera, mphuno iyenera kutsika.

Aphunzitsi, mungaonetse ana cinthu cimeneci m'kalasi. Mwana agwire pepala pansi pa mlomo wake, lilendewere, ndipo auzire mpweya pamwamba pake. Pepalalo lidzanyamuka.

Boma la France ndi la Britain analetsa kuulutsa ndeke za mtundu woyambawo. Mignet sanataye mtima. Anasintha maonekedwe a mapiko ndi mpata wa pakati pao, ndipo m'malo mwa zingwe zokokera phiko anaikamo mitengo yacitsulo yolimba. Colakwaco cinatha, koma mbiri yoipa inatsalabe, makamaka ku Britain kumene anthu ambiri anasiya ndeke zao zosatsiriza.

Nkhondo Yaciwiri itatha, Mignet anakhala ku Argentina, ku Brazil, ku Japan ndi ku Morocco, akupangabe ndeke za mapiko awiri otsatizana. Mtundu wochedwa HM.293 unapangidwa ndi anthu ambiri pamakomo pao, makamaka ku France. Iye anamwalira kwao ku France m'caka ca 1965, ndipo ndeke zina za HM.14 zimene zinapulumuka zikusungidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu zakale ku France ndi ku Britain.